Mmene Ndinaphera Ankhoswe pa Wailesi

Mwambi umene ndikufuna ndikusiyireni lero unayamba motere, ndipo unayambira pa ine ndemwe, Fanuwelo Kachingwe, amene mwandizungulira pano ngati ndine munthu wanzeru. Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ngwakalekale, kuti unabadwa wailesi isanabwere. Alekeni. Iwowo analipo? Ine ndinalipo, ndipo ndinali nditavala suti.

Ndaukumbukira chifukwa mmodzi wa inu, sindimutchula dzina koma wavala malaya achikasu, wandibweretsera m'mawa uno nkhani ya munthu amene wakomoka pamsewu. Nditamufunsa kuti anafika nthawi yanji pamalopo, wandiyankha kuti mnzake ndiye wamutumizira pafoni. Mwangobwera kumene kudzaphunzira utolankhani, ndiye sindikalipa. Ingoikani mafoniwo pansi, mumve zimene zinandionekera ine.

Nthawi imeneyo wailesi yathu ino inali ndi chaka chimodzi chokha. Inali ya chipinda chimodzi, ndipo ogwira ntchito tinalipo awiri: a Chagunda, amene ankakhala mu situdiyo n'kumawerenga nkhani, ndi ine wothamanga kukazitola. Dera langa linali msewu wa tala uwu, kuchokera pa boma mpaka pa Kanyimbi, pamsika wa tomato paja. Minibasi ikagwa, njinga ikagundana ndi mbuzi, mayi woyembekezera zikamuyambira ali pa siteji, anthu ankafuna ine. Wailesi inandipatsa foni ya m'manja, pa nthawi imene mafoni m'dera lonseli ankawerengeka ndi zala. Ndinkaimangirira m'chiuno, jekete nditaikankhira kumbuyo kuti foniyo izioneka. Ndinali wonyada, sindibisa. A Chagunda akati "mtolankhani wathu Fanuwelo Kachingwe watiuza kuti", ine ndinkakhuta osadya.

Tsono panali mtsikana, dzina lake Elufe, amene lero mumamutchula kuti mayi Kachingwe. Ndinamudikira zaka zitatu. Mayi ake sankandifuna. Ankati munthu amene ntchito yake n'kuthamangira tsoka la anzake sangasunge mwana wa munthu. Amene anandiimira kumbuyo anali mlongo wawo wa mayiwo, a Saulosi Mkwapatira, malume ake a Elufe, amenenso anali nkhoswe ya kuchikazi. Bambo amenewa ankakonda wailesi moti ankayenda ndi kawailesi m'thumba la jekete kulikonse. Iwo ndi amene anauza apongozi kuti mnyamata wolankhula zomveka chonchi sangakhale woipa kwenikweni. Apongozi anavomera, koma anavomera cham'khosi.

Ukwati unaikidwa Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Abusa athu ankayang'anira mipingo isanu, ndipo anatiuziratu zinthu ziwiri. Choyamba, ikakwana wani koloko iwo akwera njinga yawo yamoto kupita kumpingo wina, ndipo kuno adzabweranso mvula ikadzatha. Chachiwiri, popanda nkhoswe samangitsa ukwati. Tinagwirizana kuti tidzalowe m'tchalitchi leveni koloko.

M'mawa wa tsikulo ndinali kunyumba ya mkulu wa mpingo, pafupi ndi tchalitchi, ndikuvala. Amene ankandiveka anali msuweni wanga Binwelo, telala wochokera kutali, kumalire uko, amene anafika dzulo lake ndi suti imene anandisokera. Binwelo anali wamkulu kwa ine ndi zaka khumi. Pa nsalu anali katswiri: ankatha kuona chitenje chili patali n'kukuuzani mtundu wake, maluwa ake ndi kumene chinagulidwa. Koma anali ndi zofooka ziwiri. Ankalakalaka mawu ake atamveka pa wailesi, ndipo ankaopa magazi. Akadzibaya ndi singano ankagona kaye pamphasa mpaka chizungulire chitatha.

Ndikulimbana ndi mabatani, foni inalira. Anali mwini golosale ya pa Kanyimbi, amene anali ndi foni ya patebulo yoimbitsa anthu. Anangoti munthu wagwa pa njinga pamsika, anthu adzaza, kenako anadula. Kuchokera pamene ndinali kukafika pa Kanyimbi ndi makilomita anayi okha. Mapazi anayamba kundiyabwa m'nsapato zatsopano. Munthu wanzeru akanati lero ndi la ukwati, nkhani zidzionera zokha. Koma ine ndinaganiza kuti zingakome bwanji dzina langa litamveka pa wailesi pa tsiku la ukwati wanga, akuchikazi onse akumva. Ndinayang'ana Binwelo, naye anandiyang'ana.

"Asuweni," ndinatero, "ine sindingachoke pano. Tengani foniyi, pitani mukandimverere. Mukaonetsetse bwinobwino, musakasiye kanthu ngakhale kakang'ono. Mukatha muimbire a Chagunda, munene kuti ndakutumani ndine."

Binwelo analandira foniyo ndi manja awiri. Anaimangirira m'chiuno, n'kukankhira jekete kumbuyo monga ankandionera ine, anabwereka njinga ya mkulu wa mpingo, n'kunyamuka.

Tsopano ndikuuzeni zimene zinachitikadi pa Kanyimbi, zimene ine ndinazimva mochedwa. Munthu wagwayo sanali wina, anali a Mkwapatira, ankhoswe aja. Bambowa anali ndi matenda a shuga. M'mawa umenewo anamwa mankhwala awo monga mwa masiku onse, koma phala limene akazi awo anawaphikira analikana. Ankati munthu amene akupita kukadya ng'ombe sadzaza mimba ndi phala. Anavala jekete yolemera, anakwera njinga, n'kupalasa makilomita khumi ndi asanu m'mimba mulibe kanthu. Pofika pamsika wa tomato manja anayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu. Anatsika, anakhala pansi, kenako anangofooka n'kugona cham'mbali.

Anthu anawazungulira, ndipo mukudziwa mmene timachitira. Aliyense anasanduka dokotala. Wina ankati ndi kachasu, wina ankati ndi khunyu, wina ankati awaponda m'mudzi mwawo. Mwamuna wina wooneka wophunzira anachenjeza kuti asawakhudze mpaka apolisi atabwera, chifukwa wowakhudza adzakhala mboni. Onse anamvera iyeyo, chifukwa malangizo oti usachite kanthu ndi osavuta kutsatira.

Amene anang'amba bwalolo anali a Nangozo, mayi wogulitsa tomato, amene amuna awo anadwala matenda omwewo zaka zambiri. Anagwada, anawafunsa dzina, ndipo a Mkwapatira anatha kunong'ona kuti shuga, sindinadye. A Nangozo anawamasula tayi. Anavula chitenje chawo chapamwamba n'kupatsa amayi awiri kuti achitambasule pamwamba pa wodwalayo chikhale mthunzi. Amuna amene anaima chimanjamanja anawauza kuti avule zipewa azimukupiza. Anathamangira mutiyirumu, anasungunula shuga m'kapu ya madzi, ndipo ataona kuti bambowo akutha kumeza, anawakhazika motsamira n'kuwamwetsa pang'onopang'ono. Maso a a Mkwapatira anayamba kubwerera, koma miyendo inakana.

Pankafunika galimoto yopita kuchipatala cha mishoni, chimene chili chapafupi kuseri kwa Kanyimbi. Galimoto zitatu zinadutsa osaima. Yachinayi a Nangozo anaiimira pakati pa msewu, beseni la tomato lili m'manja. Inali pikiapu ya mwamuna wina dzina lake Jemitala. Ndipo Jemitalayo anali ndani? Anali munthu amene ine ndemwe ndinamutuma ku boma kukatenga maluwa a ukwati wanga: ndowa zinayi za maluwa othyola kumene, ndi nkhata ziwiri zazikulu zokapachika pakhomo la tchalitchi. Jemitala sanadziwe kuti wodwalayo ndi wa paukwati womwewo. Anangoti maluwa angathe kudikira, anatembenuza galimoto. Amuna anayi ananyamula a Mkwapatira n'kuwagoneka kumbuyo pakati pa ndowa zija, a Nangozo anakwera nawo, tomato anamusiyira mnzawo woyandikana naye. Jemitala anayendetsa pang'onopang'ono kuti wodwala asagwedezeke.

Imeneyo ndiyo inali nkhani, ana inu. Nkhani yokoma, yokhala ndi anthu awiri oyenera kuwatchula mayina. Tsono imvani imene Binwelo anatola.

Binwelo anafika chitenje chitatambasulidwa kale. Ataona chigulu cha anthu, anakumbukira kuti pamene pagwa munthu pamakhala magazi, ndipo anaopa kuyandikira. Tsidya lina la msewu kunali chulu chachitali. Anadziuza kuti mtolankhani weniweni amaonera pamwamba kuti aone zonse, anatsamiritsa njinga, n'kukwera pachulupo. Kuchokera pamenepo kukafika pamene panali wodwala panali mtunda woti ukaponya mwala sufika.

Ali pamenepo anaona munthu ali gone, chitenje chili pamwamba pake. Anachizindikira nthawi yomweyo: chobiriwira, cha nkhanga, nsalu yabwino yosasuluka. Anaona amuna atavula zipewa. Anaona anayi akunyamula munthu uja. Anaona galimoto yodzaza maluwa, nkhata ziwiri zili poyera. Anaona mayi atakhala kumbuyo akupukuta kumaso ndi nsonga ya mpango, osadziwa kuti ndi thukuta. Anaona galimoto ikuchoka mwakachetechete ngati ikuopa kuponda nyerere. Binwelo anavula chipewa chake pachulu pomwepo. Kenako anakumbukira kuti ndinamuuza kuti asasiye kanthu ngakhale kakang'ono, ndiye galimoto isanabisike anawerenga maluwa aja mtundu ndi mtundu.

Anthu atabalalika anatsika. Akanatha kufunsa mayi aliyense wa tomato, akanamuuza zonse n'kumuonjezera zina. Koma anaopa kuti amufunsa kuti nanga inu munali kuti, komanso ankaona kuti munthu wa foni m'chiuno safunsa nzeru kwa ogulitsa tomato. Anapeza njinga ya wodwala uja itatsamira pa benchi, ndipo pa chitsulo chake panali polembedwa ndi penti yoyera kuti S. Mkwapatira. Binwelo anali mlendo, dzina la ankhoswe sankalidziwa. Anasangalala kuti nkhani yakwana yokha, ndipo anaimbira ku situdiyo.

A Chagunda anali munthu wosamala, tisawanamizire. Anafunsa ngati Fanuwelo wazitsimikiza, Binwelo anati ndi yemweyo wandituma. Anafunsanso funso limene timafunsa nthawi zonse tisanatchule dzina la womwalira.

"Kodi achibale adziwa?"

"Adziwa kalekale," anatero Binwelo. "Mpaka nkhata agula."

Kwa a Elufe amayi ankaphika pabwalo, wailesi ili pa mtondo ikuimba. Ine kwa mkulu wa mpingo ndinatsegulanso yanga, ndikudikira kumva dzina langa. Ndinalimvadi. Nyimbo inadulidwa, ndipo a Chagunda ananena ndi mawu awo ozama aja kuti mtolankhani wathu Fanuwelo Kachingwe watiuza kuti bambo S. Mkwapatira atisiya m'mawa uno pamsika wa Kanyimbi atagwa pa njinga. Anapitiriza kuti thupi lanyamulidwa mwaulemu pa galimoto yokongoletsedwa ndi maluwa ofiira, achikasu, ndi oyera okhala ndi kadontho kapinki pakati, komanso nkhata ziwiri zolukidwa mwaluso.

Ndinadzambatuka, tayi ili m'manja. Ndisanaganize chochita, ndinamva kulira kukuchokera kwa a Elufe, kumene kunali kuseri kwa munda umodzi wokha. Kulira kwa maliro simungakusokoneze ndi china chilichonse. Ndinathamangira komweko.

Madzi akatayika saoleka. Pamene ndimafika, mudzi unali utatembenuka kale. A kwaya amene ankayeserera nyimbo za ukwati anali atayamba za maliro, osasintha ngakhale malo okhala. Anyamata amene ananyamula mabenchi kupita kutchalitchi ankawabweza. Akuluakulu anali atagamula kuti ng'ombe yophedwera ukwati ija ikhale ya pamaliro. Adzukulu anali atatenga makasu, chifukwa ankati kukutentha, ndi bwino kuyambiratu.

Inu mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. Zaka zitatu zonse mayi ake a Elufe akandiona panjira ankapatukira kutchire, ine ndinkapatukira kwina. Tsiku limenelo anadzuka pamphasa, anabwera, anaima patsogolo panga n'kundiyang'ana m'maso.

"Bambo," anatero, "mlongo wanga wamwalira, ife tikumvera pa wailesi ngati mitengo ya fodya? Munalephera kutuma munthu kudzagwada pakhomo pano?"

Koma chimene chinandipweteka kwambiri chinali cha Elufe. Anatuluka m'nyumba atavala diresi la ukwati, velo atavula ili m'manja, maso ali psuu. Sanakalipe. Anandifunsa motsitsa mawu ngati ndinali pamalopo, ndinati ayi. Anandifunsa ngati ndinawaona malume ake ndi maso anga, ndinati ayi.

"Ndiye mwanena bwanji?"

Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito ino, palibe mkonzi amene anandifunsapo funso lolasa ngati limenelo. Manyazi anandigwira, ndipo ndinachita mantha, chifukwa ndinaona kuti mkazi amene ndinamudikira zaka zitatu ndikumutaya ndi pakamwa panga. Elufe anati ndipite ndikawaone ndekha, ndikabwere nawo kaya ali motani, ndipo za ukwati ndisamufunse.

Ndikutembenuka kuti ndifune njinga, wailesi ya pa mtondo ija inadulanso nyimbo. Binwelo anali atakomedwa nazo, anaimbanso foni ku situdiyo. Tsopano anaonjezera kuti malemuwa ankaoneka a zaka makumi asanu ndi atatu, kuti anavala jekete yakale koma yosokedwa bwino m'mapewa, ndi kuti mwambo wa maliro uyenera kuti uchitika mawa. Ndinalibe njira yomuletsera, chifukwa foni ndinali nditamupatsa ndekha.

Ndinalanda njinga ya mwana wa kwaya n'kupalasa ndili m'suti. Nthawi inali itadutsa leveni. Ndinapalasa ndikupemphera pemphero losalongosoka, ndikulonjeza Mulungu zinthu zimene zina mpaka lero sindinakwaniritse. Ndisanafike pa Kanyimbi, pa mlatho waung'ono paja, ndinaona pikiapu ikubwera pang'onopang'ono, maluwa akugwedezeka kumbuyo. Ndinawazindikira maluwawo, chifukwa ndinawasankha ndekha. Ndinaima pakati pa msewu, galimoto inaima, ndipo pakati pa ndowa panatuluka mutu wa a Mkwapatira. Anali khale, kabandeji kakang'ono pamkono pamene anawaika diripi, akudya banzi. Kawailesi kawo kanali pamiyendo.

"Akamwini," anatero akutafuna, "ndamva kuti ndamwalira. Pepani kuti sindinakudziwitseni."

Ndinagwada pa tala wotenthayo, suti yatsopano. Ndinalira, ndipo sindichita nazo manyazi. A Mkwapatira anandisiya ndilire pang'ono, kenako anati za imfazo angathe kukhululuka, chifukwa munthu aliyense adzafa, koma zaka makumi asanu ndi atatu ndinazitenga kuti, pamene iwo ali ndi makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri zokha. Anandiuza kuti uthengawo anaumvera pabedi la kuchipatala, anamwino ali pomwepo akuwayeza, ndipo anamwinowo anaseka mpaka anakhala pansi. Atawadyetsa n'kuona kuti shuga wabwerera m'malo mwake, anawalola kupita atawalonjezetsa kuti sadzasungiranso mimba ng'ombe.

Jemitala anatulutsa mutu pawindo n'kudandaula kuti wailesi yasandutsa galimoto yake yonyamula maliro, ndiye adzaifunanso ndani pa ukwati. Koma amene anandimaliza anali a Nangozo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Ndinu a wailesi aja? Mnzanu uja wa pachulu tinamuona. Tinkasowa munthu wogwira chitenje, amayi manja atatopa. Akanatsika kudzagwira ngodya imodzi, akanaona kuti munthu akupuma."

Ndinakweza njinga, ndinakhala pakati pa maluwa anga, tinanyamuka. Jemitala anakana kuthamanga, ankati anamwino amuuza kuti ayende bwino. Ine ndinkangoyang'ana wotchi ya a Mkwapatira, imene inali itadutsa thwelofu.

Kulowa kwathu m'mudzi sindidzakuiwala. Anthu ataona galimoto ya maluwa ofiira, achikasu ndi oyera ikubwera pang'onopang'ono, ndendende mmene wailesi inanenera, anadziwa kuti thupi lafika. Kulira kunakwera. Amayi anathamangira galimoto manja ali kumutu, a kwaya anaimirira, amuna anavula zipewa. A Mkwapatira anali atabisika kuseri kwa nkhata. Galimoto itaima anagwira m'mbali, anadzuka bwinobwino, anakonza jekete, n'kufunsa ngati nyama ija yapsa.

Bwalo linayera ngati pagwa njuchi. Mkulu wa kwaya analumpha mpanda umene masiku onse ankati ngwautali. Mayi wina anathawa ndi chipande m'manja mpaka kudimba. Amene sanathawe anali awiri okha, apongozi ndi Elufe. Apongozi anayandikira, anagwira mkono wa mlongo wawo, anautsina kuti amve ngati ndi wofunda, kenako anawamenya kambama paphewa n'kuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Elufe anakumbatira malume ake. Ine sanandiyang'ane.

Anthu atabwerera mmodzimmodzi, wina anadzanena kuti abusa ayamba kumanga chikwama pa njinga yamoto. Inali itatsala pang'ono kukwana wani. Onse anayang'ana a Mkwapatira, chifukwa mawu a nkhoswe ndiwo akanamanga kapena kumasula. Apongozi anali atayamba kale kunena kuti iwo ananeneratu za anthu a wailesi. Nthawi yomweyo Binwelo analowa pabwalo akupalasa monyadira, foni ili poyera m'chiuno. Ataona malemu ake ataimirira pa galimoto, anagwa ndi njinga yomwe, popanda ngakhale dontho la magazi.

A Mkwapatira anatsika, anamasula foni m'chiuno mwa Binwelo, n'kundipatsa.

"Amene anandipha ndiye andiukitse," anatero. "Pomwe pano, onse akumva. Ndipo mutchule amene anandithandiza, osati maluwa. Mukatero, mwana wanga akafuna, tikalowa m'tchalitchi."

Ndinaimbira a Chagunda n'kuwapempha kuti andiike pa mphepo. Mawu anga ankatuluka pa wailesi ya pa mtondo ija ine ndili chiimire pambali pake. Ndinanena kuti nkhani ya m'mawa inali yabodza, ndi kuti wolakwa ndine, chifukwa ndinanena zimene sindinaone. Ndinanena kuti a Saulosi Mkwapatira ali moyo ndipo ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri. Ndinafotokoza zimene a Nangozo a pamsika wa Kanyimbi anachita, chimodzichimodzi, pamene ena ankangoonerera. Ndinatchula Jemitala, amene anaima galimoto zitatu zitadutsa, ndipo ndinatsindika kuti galimoto yake ndi ya maukwati. A Nangozo anaphimba kumaso ndi chitenje cha nkhanga chija, amayi akuwaimbira nthungululu. Pa nkhani zonse zimene ndatolapo, imeneyo ndiyo ndimainyadira.

Nditamaliza ndinayang'ana Elufe. Iye anakutumula velo ija n'kuipereka kwa mayi ake kuti amuveke. Apongozi anaiyang'ana, n'kumuveka.

Abusa tinawapeza atavala kale chipewa cha njinga yamoto. Anatimangitsa ukwati mofulumira moti ulaliki wonse unali mavesi awiri. Maluwa anali atafota ndi dzuwa, nkhata imodzi itaphwanyika pamene ankhoswe anatsamira, koma tinazipachika momwemo. Adzukulu anali atakumba kale mpaka m'mawondo, ndipo poti dzenje lotere silisiyidwa lopanda kanthu, anakwiriramo thunthu la nthochi, ine n'kuwapepesa ndi mbuzi.

Ndiye iwe wa malaya achikasu, njinga ya ofesi ili panjapo. Pita pamene wagwa munthuyo. Usakakwere pachulu. Ngati pakufunika wogwira chitenje, ukagwire kaye, cholembera chidikire. Ukafunse amene anathandiza dzina lake, ukalilembe molondola. Koma usananyamuke, imva mmene a Mkwapatira anaitsekera nkhaniyi.

Pa madyerero anakhala pakati, a Nangozo ndi Jemitala ali m'mbali mwawo ngati alendo olemekezeka, mbale ya ng'ombe ija ili patsogolo. Binwelo anali atatsitsimuka, ndipo anthu ankamuseka. Iye anaimirira kudziteteza. Ankati sananame ngakhale pamodzi: chitenje chinali cha nkhanga, jekete inali yosokedwa bwino m'mapewa, ndipo aliyense wokayika apite pakhomo la tchalitchi akaone ngati maluwa oyera aja alibe kadontho kapinki pakati. Mwana wina anathamanga kukaona, anabwera n'kunena kuti kadontho kalipodi. Binwelo anakhala pansi mokhutira.

A Mkwapatira anapukuta mafuta pakamwa n'kundifunsa kuti kodi munthu ameneyu pomutuma ndinamuuza mawu otani. Ndinayankha kuti ndinati pitani mukandimverere. Bambowo anaseka mpaka kawailesi kanagwa kuchoka m'thumba. Kenako analoza Binwelo ndi fupa, n'kunena mawu amene anthu anachoka nawo paukwatipo n'kuwafalitsa dziko lonse:

"Basi, dzina lake lapezeka. Kandimverere anakanena za m'maluwa."